Chiswe chadya liwu limodzi pa mawu 12 a waleti: zokambirana pa gulu la amalonda a ku Mchinji

Nabanda: Mwaswera bwanji nonse. Odziwa za mawaleti ndithandizeni chonde. Foni yanga yafa, ngakhale pa chaja sikuyaka. Munali ka USDT kanga, ndalama ya pa intaneti ija yoyendera limodzi ndi dola, kokalipirira katundu ku Lusaka sabata yamawa. Ndapeza foni ina, ndaikamo app ya Trust Wallet, ndiye ikundifunsa mawu 12 otsegulira waleti aja. Pepala ndalipeza pansi pa sutikesi koma chiswe chadya cha m'mbali. Liwu la nambala 7 langotsala zilembo ziwiri zoyambirira. Ndalama zanga zapita basi?

Aphiri a pa Kamwendo (admin): Wina asanayankhe, Nabanda mvetserani. Pepalalo musalijambule. Musalitumize pano, musalitumize ku inbox ya munthu aliyense, ngakhale yanga. Zilembo ziwirizonso zikhale mumtima mwanu.

Nabanda: Ndimati ndijambule muone m'mene chadyera.

Aphiri a pa Kamwendo (admin): Ayi achemwali. Pagulu pano tilipo ambiri, ena sitinaonanepo nkhope.

Membala watsopano: Pepani madam ndi zakuonekeranizi. Ife ntchito yathu ndi imeneyi yobweza mawaleti. Ndakutumizirani link ku inbox, mungolembamo mawu 11 amene muli nawowo, lotsalalo makina athu alipeza pompopompo.

Wamafoni pa Boma: Awa ndi ndani? Alowa liti muno?

Aphiri a pa Kamwendo (admin): Ndawachotsa. Amene munawapatsa link ya gulu mudzifunse nokha. Nabanda, uthenga wawowo ufufuteni osautsegula.

Ticha wa ku Mkanda: Chosangalatsa n'chakuti mkulu wachotsedwayu sananame. Munthu akakhala ndi mawu 11 mu ndondomeko yake, lotsalalo kulipeza ndi ntchito ya kamphindi pa kompyuta. Kungoti akanalipeza yekha, ndalama n'kusesa, inu mukudikira yankho. Ndiye Nabanda khazikani mtima pansi, ndalama zanu zilipo. Mawu amenewa sachokera m'mutu mwa munthu. Pali mndandanda umodzi wa mawu achingerezi 2048 umene anaukhazikitsa mu 2013, dzina lake BIP39. Umayambira pa abandon n'kukathera pa zoo. Trust Wallet, MetaMask, Ledger, onsewa amatola mawu mumndandanda womwewo. Anausanja mwanzeru moti palibe mawu awiri ofanana zilembo zinayi zoyambirira. Mwachitsanzo oyamba ndi "pla" alipo asanu okha: place, planet, plastic, plate, play. Inu muli ndi zilembo ziwiri, ndiye oti muyese ndi ochepa ndithu. Sakani mndandandawo pa Google, ulipo poyera, koperani m'kope onse oyamba ndi zilembo zanuzo, kenako muziyesa limodzilimodzi mu app yeniyeniyo. Osati pa webusayiti iliyonse ayi.

Nabanda: Sinditsekeredwa ndikalakwitsa kambiri, ngati m'mene imachitira PIN ya Airtel Money?

Ticha wa ku Mkanda: Ayi, palibe akuwerengera. Mawu olakwika ambiri app izikana yokha, chifukwa mu liwu lomaliza munabisidwa kachizindikiro kotsimikizira mawu onsewo. Koma dziwani ichi: pa mawu olakwika 16 aliwonse, pafupifupi limodzi limadutsa. Likadutsa waleti imatseguka bwinobwino koma mulibe kanthu. Mukaona ziro musalire, chongani liwulo m'kope mupitirize lotsatira.

Madala Zulu: Ana inu ndifunse nawo, ine za izi ndine mlendo. Foni yafa, ndalama zinali mufoni, ndiye zituluka bwanji mufoni ina? Kapena ku kampaniko akusungirani?

Ticha wa ku Mkanda: Madala, ndalamazo mufoni simunali. Zimalembedwa m'kaundula wotchedwa blockchain, amene makompyuta ambirimbiri padziko lonse amasunga nthawi imodzi. Kaundulayo amangoti adilesi yakutiyakuti ili ndi zakutizakuti. Adilesi mukhoza kupatsa aliyense, ndi yolandirira. Chimene chimakhala mufoni ndi kiyi wachinsinsi, private key, nambala yaitali kwambiri imene imasayinira kuti ndalama zichoke pa adilesiyo kupita kwina. Kuchokera ku kiyi, masamu amatulutsa adilesi mosavuta, koma kuchokera ku adilesi kubwerera ku kiyi palibe njira. Mawu 12 aja ndi amene amabala makiyi onse a m'waletimo, a Bitcoin, a Tron, a Ethereum, onse. Mukawalemba mufoni ina iliyonse, masamu omwewo amabalanso makiyi omwewo. Opanga app sasunga mawu anu, ndiye ngakhale mutawalembera kalata sangakuthandizeni.

Madala Zulu: Ndiye wakuba sangangokhala pansi n'kumayesa mawu mpaka atagwera pa a munthu?

Ticha wa ku Mkanda: Njira zosanjira mawu 12 ovomerezeka zilipo zochuluka moti nambala yake polemba imatenga manambala 39. Makompyuta onse a padziko atagwirizana sangamalize. Chifukwa chake akuba savutika n'kuyesa, amangokupemphani mwaulemu ngati mkulu uja.

Madala Zulu: Hmm. Ndalama yopanda ofesi yokadandaulako ine imandiopsa.

Mjomba wa pa Boda: Madala mwalasa. Ine n'chifukwa chake zanga ndimasunga pa exchange ya Binance basi, kampani ya pa intaneti yogulitsa ndi kusungira anthu ndalama zimenezi. Foni itabedwa lero, ndigula ina, ndilowa ndi imelo, andijambula nkhope, ndionetsa chiphaso, zatheka. Za mapepala odyedwa ndi chiswe ine ayi. Anthu akumudzi kuno kuwauza kuti adzisungire okha makiyi ndi kuwaponya m'madzi.

Chimwene wa ku Joni: Mjomba, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Za pa exchange kiyi ali ndi eni ake a exchange, inu muli ndi lonjezo chabe. Mt. Gox ya ku Tokyo inagwa mu 2014, ma Bitcoin pafupifupi 850,000 anasowa, anthu anadikira zaka khumi kuti ayambe kulandirako. FTX inali yaikulu, yotsatsa malonda pa TV, inagwa mu November 2022, mwini wake Sam Bankman-Fried anamugamula zaka 25 kundende. Kuno ku Joni anthu akulirabe ndi Mirror Trading International imene inagwa mu 2020. Onsewa anali ndi imelo ndi pasiwedi zawo bwinobwino.

Mjomba wa pa Boda: Mirror Trading inali ya akathyali kuyambira pachiyambi, musaiphatikize. Komanso achimwene mukuwerenga okhawo amene anadyeredwa ndi ma exchange. Nanga otaya okha makiyi? Mzungu uja wa ku Newport ku Wales, James Howells, anataya hard drive ya ma Bitcoin pafupifupi 8,000 kudzala mu 2013. Anakhala akupempha khonsolo kuti akafukule, khoti linamukanira mu January 2025. Ameneyo anali katswiri wa makompyuta, osati wogulitsa soya ngati ine.

Aphiri a pa Kamwendo (admin): Nonse mukunena zoona, kungoti aliyense akukokera kwake. Ine ndimachita chonchi: zoyendetsera geni sabata imeneyo zimakhala pa exchange chifukwa pa P2P, pogulitsana munthu ndi munthu, ndi pomwe timasinthira kupita ku Mpamba kapena Airtel Money. Zosunga nthawi yaitali zimapita ku waleti yanga. Ndipo tisaiwale kuti Reserve Bank of Malawi inanena kale mu 2019 kuti izi si ndalama zovomerezeka m'dziko muno. Zikakuvutani, ku banki yaikulu kulibe desiki yokumverani. Tinalowamo chifukwa kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022, n'kugwanso ndi 44% mu November 2023, madola kumabanki osaoneka. Tinalowa tikudziwa.

Ticha wa ku Mkanda: Mjomba, poti mwasankha exchange, chotsani zolandira code pa SMS. Munthu akakwanitsa kusinthitsa SIM yanu, ma code onse azipita kwa iye. Ikani Google Authenticator, app yopanga ma code mufoni momwemo, ndipo poiika imakuonetsani kiyi wa zilembo, ameneyo mulembe papepala. Mwaona? Pepala simulithawa.

Mjomba wa pa Boda: Kkkk aphunzitsi mwandipezabe.

Nabanda: Ndayesa angapo akukana. Lina ladutsa koma zonse ziro. Mtima ukugunda.

Ticha wa ku Mkanda: Dikirani kaye musanalitaye. USDT yanu munkalandirira pa netiweki iti? Adilesi imene munkapatsa anthu imayamba ndi T kapena 0x?

Nabanda: Ndi T. Ndili nayo pa WhatsApp, ndinatumizira mlongo wanga ali ku Cape Town.

Ticha wa ku Mkanda: Basi ndi ya Tron imeneyo, TRC20. Mu waleti yatsegukayo sakani Tron, dinani polandirira, muyerekeze adilesi ikuonekayo ndi ya pa WhatsApp ija. Zikafanana chilembo ndi chilembo, liwu ndi lomwelo, mungoyatsa USDT ya Tron pa mndandanda wa ndalama kuti ionekere. Zikasiyana, pitirizani kuyesa.

Nabanda: Zasiyana.

Ticha wa ku Mkanda: Pitirizani.

Wamafoni pa Boma: Pamene akuyesa ndinenepo za kuntchito kwanga, poti mafoni akufa amathera patebulo panga. Anthu amabwera ndi foni, n'kundipatsa PIN kuti ndiyese ngati touch ikugwira, iwo n'kupita kumsika. Ukatsegula gallery kuti uyese screen, pakati pa zithunzi za ukwati ndi za ana pali screenshot ya mawu 12, manambala ake ali m'mbali mwaudongo. Ine ndimaopa Mulungu, koma pa benchi pamakhala anyamata ophunzira ntchito, pamabwera anzawo odzatchajitsa. Ena amalemba mawuwo pa WhatsApp n'kudzitumizira okha, ena mu imelo. Chonde musanapereke foni kokonzetsa, ngati ikuyaka, samutsani ndalama kapena chotsani waletiyo mutatsimikiza kuti pepala lanu lili bwino. Ndipo foni ikaiwalika pattern, ife chimene timachita ndi kuiflasha. Kuflasha kumafufuta zonse, kiyi yemwe.

Chimwene wa ku Joni: Za screenshot zo si anyamata a pa benchi okha. Kumayambiriro kwa 2025 a Kaspersky anapeza ma app amene analowa mpaka mu Google Play ndi App Store, ali ndi kachilombo kotchedwa SparkCat. Ukangolola app kuona zithunzi, kachilomboko kamawerenga zolembedwa pa zithunzizo kufunafuna mawu a waleti. Komanso mafoni ambiri amakweza okha zithunzi ku Google Photos, ndiye amene wathyola imelo yako wapeza zonse.

Nabanda: ZATHEKA!!! Adilesi yafanana, USDT yanga yonse ilipo! Aphunzitsi Mulungu akudalitseni, mukabwera pa Boma chitenje cha amayi kunyumba ndi changa.

Ticha wa ku Mkanda: Tathokoza. Lembani mawuwo papepala latsopano lero lomwe, musagone. Muike manambala 1 mpaka 12, chifukwa mawu olondola osokonekera ndondomeko ndi vuto lalikulu kuposa la lero lija. Ndipo muonetsetse kuti muli ndi kandalama ka Tron kotchedwa TRX pang'ono, popanda iko USDT ya pa Tron siyenda, ndiko kamalipira ulendo.

Nabanda: Ndikapangitse laminate kuti chiswe chisadyenso?

Aphiri a pa Kamwendo (admin): Kukapereka m'manja mwa mnyamata wa pa stationery kuti alowetse m'makina? Ayi. Photocopy ayinso. Lipindeni, mulikulunge mu pulasitiki, muike m'kabotolo kagalasi kotseka bwino. Chiswe galasi sichidya. Mulembe mapepala awiri, lina lisakhale m'nyumba yomweyo, moto ukabuka usatenge onse. Ndipo papepalapo osalemba mutu wakuti waleti kapena USDT, wolipeza asadziwe msanga chimene wagwira.

Wamafoni pa Boma: Ine ndinaona njira ina yabwino. Mumagula mawashala 12 a chitsulo chosachita dzimbiri ndi bawuti imodzi, komanso tizitsulo tokhomera zilembo tija amakhomera manambala pa njinga. Washala aliyense mumakhomapo nambala ndi zilembo zinayi zoyambirira za liwu, poti aphunzitsi anena kuti zinayi n'zokwanira. Kenako mumawatunga pa bawuti n'kumanga nati. Ukaziona zimangokhala ngati zotsalira za ngolo. Aluminiyamu musagwiritse ntchito, imasungunuka pa madigiri 660, pomwe chitsulocho chimapirira kupitirira 1,300. Koma mukhome nokha kuseri kwa nyumba, osakapatsa owotcherera.

Mjomba wa pa Boda: Nanga kungogawa pakati? Mawu 6 kwa mayi anga ku Kapiri, 6 kwanga. Wakuba akapeza mbali imodzi sapindula.

Ticha wa ku Mkanda: Ambiri amaganiza choncho koma taonani. Mbali imodzi ikatayika, zonse zapita, ndiye mwachulukitsa njira zoluzira. Chinanso, liwu lililonse limene wakuba wapeza limachepetsa ntchito yake ka 2048. Mu 2020 munthu wina, Alistair Milne, anaika Bitcoin imodzi mu waleti n'kumaulula mawu ake pang'onopang'ono pa Twitter ngati mpikisano. Atafika pa mawu 8, John Cantrell anabwereka makompyuta amphamvu, nayesa njira zoposa 1 trillion, n'kupeza anayi otsalawo pasanathe masiku awiri. Mawu 6 osowa ndi ovutabe kwambiri kuposa pamenepo, koma ine sindingagone tulo podziwa kuti theka lili m'manja mwa munthu. Ofuna kugawa pali njira yake yopangidwira zimenezo, ya Shamir, imene kachipangizo kosungira makiyi ka Trezor kali nayo: mumapanga zigawo mwina zitatu, ziwiri zilizonse n'kutsegula, koma chimodzi pachokha sichiulula kanthu.

Chimwene wa ku Joni: Palinso passphrase, liwu lowonjezera lodzipangira wekha pamwamba pa 12 kapena 24 aja, mawaleti ena amalola. Wopeza pepala amatsegula waleti ina, ndalama zenizeni zili kuseri kwa passphrase. Kuopsa kwake, ukalakwitsa chilembo chimodzi, ngakhale chachikulu m'malo mwa chaching'ono, sikuuza kuti walakwitsa. Imangotsegula waleti yopanda kanthu. Ukaiwala palibe mndandanda wokasakamo ngati wachitira mwayi Nabanda.

Madala Zulu: Zonsezi kuti musunge ndalama zanu zomwe. Ife kale timangokumba pansi pa nkhokwe.

Nangozo: Ndifunseko ine. Pa Facebook ndinaona wina walemba pa comment kuti ali ndi USDT mu waleti koma sadziwa kutumiza, n'kulemba mawu ake 12 onse poyera. Ndi wopusa kapena pali kanthu?

Chimwene wa ku Joni: Ndi msampha achemwali. Ukalowetsa mawuwo umaonadi USDT yambiri, koma TRX yolipirira mulibe. Dyera likakugwira umatumizamo TRX yako. Ikangofika, pulogalamu yawo imaisesa nthawi yomweyo, kapena waletiyo anaikonza kuti kutulutsa kumafuna siginecha ya kiyi wina amene iwe ulibe. Amadyera anthu ofuna kuba.

Ticha wa ku Mkanda: Ndipo pali kuberedwa kwina mawu ako osaulula kwa aliyense. Umalumikiza waleti ku webusayiti yolonjeza mphatso, ikukupempha kuti udine approve, iwe osawerenga. Pamenepo wasayinira ndi kiyi wako chilolezo choti iwo azitapa USDT yako m'mene angafunire. Kwina amakutumizira kandalama kochepetsetsa kuchokera ku adilesi yofanana ndi ya kasitomala wako koyambirira ndi kothera, kuti tsiku lina ukopere yawoyo mu history. Muziona adilesi yonse, pakati pomwe, ndipo ndalama zikakhala zambiri yambani mwatumiza pang'ono, wolandira avomere. Zikapita zapita, palibe reversal.

Mjomba wa pa Boda: Ndiye wakuba sangagwidwe n'komwe?

Ticha wa ku Mkanda: Mapazi ake amaoneka, chifukwa kaundula ali poyera, pa webusayiti ya Tronscan mukhoza kutsatira kumene zalowera. Kampani ya Tether, imene imatulutsa USDT, ili ndi mphamvu yoimitsa USDT pa adilesi, ndipo imachita zimenezi apolisi a maiko akapempha. Kuno tili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016, ndiye kukanena kupolisi n'koyenera, mutenge adilesi ndi nambala ya transaction. Koma kuti zibwerere m'manja mwanu, musawerengere. Ndipo mukangolira poyera pa intaneti, akubwera ena odzitcha obweza ndalama zobedwa, ofuna mulipire kaye. Ndi gulu lomwelo.

Amayi a Tadala: Pepani ndilowerere ndi nkhani yolemerako. Mlamu wanga anatisiya ku Joni miyezi yapitayi, thupi linabwera ndi katundu wake. Anzake amene anaperekeza maliro anatiuza kuti ankasunga ndalama mu Bitcoin, ankati ndi zomangira nyumba pa Waliranji. Foni ilipo koma ndi yokiya. Mkazi wake sadziwa kalikonse, ana ndi atatu. Tiyambire pati?

Aphiri a pa Kamwendo (admin): Pepani kwambiri amayi. Mzimu wawo uuse mumtendere.

Wamafoni pa Boma: Pepani mayi. Choyamba foniyo isapite kwa wokonza aliyense, akaiflasha ndiye kwatha. Musayeseyese PIN, mafoni ena akalakwitsidwa kambiri amadzitseka kapena kudzifufuta. SIM yake muisamale, isatayike.

Ticha wa ku Mkanda: Pepani amayi. Nkhaniyi ili pawiri. Ngati malemu ankasunga pa exchange, mwayi ulipo ndithu. Ma exchange akuluakulu ali ndi ndondomeko ya chuma cha omwalira: amafuna chikalata cha imfa, ziphaso, ndi mapepala a khoti osonyeza woyang'anira chuma cha masiye. Zimatenga nthawi koma zimatheka, ndipo pamenepa Mjomba apambana mtsutso uja. Ngati ankasunga mu waleti yakeyake, ndiye palibe khoti, DC kapena mfumu imene ingalamule kuti zituluke. Pafunika mawu aja basi. Ndiye fufuzani m'katundu modekha: makope, m'kati mwa Baibulo, m'chikwama cha pasipoti, m'matumba a majekete. Mukusaka mawu achingerezi 12 kapena 24 osagwirizana tanthauzo, kawirikawiri okhala ndi manambala. Katundu asagawidwe kaye, ndipo pepala lililonse lisatayidwe.

Amayi a Tadala: Zovala zinagawidwa kale pa tsiku la kumeta. Mabuku ndi mapepala ali m'katoni kwa apongozi.

Ticha wa ku Mkanda: Katoni imeneyo ndi yofunika. Mukapeza, adziwe mkazi wake ndi munthu mmodzi wokhulupirika, osati mudzi wonse. Anzake a ku Joni aja muwafunse dzina la app imene ankagwiritsa ntchito, koma mawuwo musawaonetse.

Nangozo: Nkhani iyi ikundikhudza. Azibambo a pagulu pano, ndi angati akazi anu akudziwa kumene kuli pepala? Mumabisa ngati tikuberani, mapeto ake ana amavutika ndalama zili pamenepo zikungoonekera pa kompyuta.

Mjomba wa pa Boda: Nanga banja likatha? Kuno kwathu mkamwini akathamangitsidwa amachoka ndi kachikwama basi. Mawu ukapereka sungalandenso.

Nangozo: Kulanda simungalande, koma aphunzitsi atiuze ngati munthu sangasamuke.

Ticha wa ku Mkanda: Akhoza. Mawu sasinthika ngati PIN, koma mumatsegula waleti yatsopano ya mawu atsopano n'kusamutsira zonse kumeneko. Ndi zomwenso muyenera kuchita mukangokayikira kuti wina waona pepala lanu. Kusintha pasiwedi ya app sikuthandiza, chifukwa pasiwediyo imangotseka chitseko cha foni yanu yokhayo.

Madala Zulu: Bwanji osangolemba mu wilo? Lamulo la chuma cha masiye la 2011 lija linabwera kuti amalume asamalande.

Aphiri a pa Kamwendo (admin): Wilo imadutsa m'manja mwambiri madala: wolemba, mboni, akalaliki, kenako imawerengedwa pagulu. Mu wilo mungonena kuti chuma chakutichakuti chilipo ndipo chipite kwa yani. Mawuwo akhale kwina, mu envelopu yomata, ndi kakalata kofotokoza m'Chichewa chomveka kuti app yake ndi iti, netiweki iti, ndipo asapatse munthu aliyense amene angadzipereke kuthandiza. Ku Canada kunali exchange ya QuadrigaCX, mwini wake Gerald Cotten anamwalira ku India mu December 2018, n'kumveka kuti makiyi ankadziwa yekha. Pambuyo pake ofufuza anapeza kuti ndalama zambiri anali atazisakaza kale, koma anthu anayamba kudzifunsa za imfa kuyambira pamenepo.

Nangozo: Ife ku banki m'khonde bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, bokosilo likusungidwa ndi wachinayi. Za mawaleti zilibe zotere?

Ticha wa ku Mkanda: Zilipo, dzina lake multisig, ndipo mwafotokoza bwino kuposa m'mene ndikanachitira. Kusiyana kwake, bokosi lanu limafuna makiyi onse atatu, pomwe apa mukhoza kukonza kuti awiri mwa atatu akwanire. Bambo kiyi wawo, mayi wawo, wachitatu kwa munthu amene nonse mumamukhulupirira. Mmodzi payekha sangatulutse kanthu, mmodzi akamwalira kapena kutaya wake, awiri otsalawo amatsegula. Pa Bitcoin, Electrum ndi BlueWallet zimatha zimenezi. Koma pamafunika kusunganso kafayilo kofotokoza m'mene waletiyo inapangidwira, ndipo kwa munthu wa ndalama zochepa ndi katundu wolemetsa. Yambani mwaphunzira ndi ndalama ya sopo.

Amayi a Tadala: Ndaimbira mkazi wa malemu. Akuti m'chikwama cha laputopu munali kanthu kangati flash, kali ndi ka screen kakang'ono ndi mabatani awiri, kolembedwa Ledger. Ndi chiyani?

Chimwene wa ku Joni: Eee! Imeneyo ndi hardware wallet mayi. Kiyi amakhala m'menemo, satulukamo ngakhale mukalumikiza ku kompyuta. Munthu sagula kameneko alibe kanthu kosunga.

Ticha wa ku Mkanda: Amayi, uzani aliyense asakakhudze. Ledger ukalakwitsa PIN katatu motsatizana imadzifufuta yokha. Imabwera ndi timakadi tolembapo mawu 24, tokhala ndi mizere ya manambala, ndiye m'katoni muja musake timeneto kapena kabokosi kake. Makadiwo akapezeka, ngakhale kachipangizoko katafufutika ndalama zimabwerera. Akapanda kupezeka, chiyembekezo chonse chili pa PIN imeneyo, ndipo mipata ndi itatu yokha.

Amayi a Tadala: Mayo. Akuti mwana wamkulu anakalumikiza ku laputopu dzulo, anayesa chaka chobadwa cha bambo ake ndi PIN ya ku banki, zonse zinakana.

Ticha wa ku Mkanda: Ndiye watsala mpata umodzi. Imbaninso pompano, akachotse m'manja mwa mwanayo, akakiyire mu sutikesi.

Wamafoni pa Boma: Chingwe chakenso abise.

Amayi a Tadala: Ndikuimba. Mawa m'mawa ndikwera kabaza kupita kwa apongozi kukaona katoni ija. Aphunzitsi, ndikapeza makadiwo ndichite chiyani?

Ticha wa ku Mkanda: Muwaike mu envelopu, mumate, mupereke m'manja mwa mkazi wa malemu. Musawajambule, musandiwerengere pa foni. Loweruka ndibwera pa Boma, tidzakhale pansi ndi iwo, mawuwo adzalowetse okha ine nditatembenuka. Mubwerenso ndi laputopuyo ndi chaja yake, mwina muli app ya Ledger yoti tionerepo ndalama zilipo zingati tisanakhudze china chilichonse.